Fertig: usiku umene ndinalanda agogo kachikwama

Papita miyezi yambiri, koma ndikangomva munthu akutchula liwu la Chijeremani loti "fertig", dzanja langa lamanja limakumbuka pamene agogo aja anandimenya. Sikunali kumenya koti n'kupweteka. Munthu wa zaka 86, manja ake ngati timitengo touma, angakupweteke bwanji? Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti iwo anandiuza zoona zokhazokha, m'mawu atatu osavuta amene ndinkawamva kambirimbiri pa tsiku, ine n'kumva zina.

Ndimagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba kufupi ndi Hannover ku Germany, mzinda umene unapalana ubale ndi Blantyre wathu mu 1968. Ndinabwera kudzaphunzira unamwino wa zaka zitatu, uja umati mwezi uno uli m'kalasi, mwezi winawo uli pantchito. Dzina la mayi amene ndikumunenayu sinditchula. Pano ndiwatcha agogo, ngakhale kuntchito sitiloledwa kutero. Kuno kunena "Oma" kwa munthu amene si gogo wako amati n'kumuchepsa, uyenera kunena Frau, kutanthauza Mayi, n'kutchula dzina la banja lake. Lilime langa linachedwa kuzolowera, pakuti kwathu kutchula nkhalamba dzina ndiye mwano weniweniwo.

## Liwu limodzi, mitolo inayi

Aliyense amene anaphunzirako Chijeremani amakumana ndi fertig sabata yoyamba yomwe. Ndi mfotokozi, choncho limayamba ndi chilembo chaching'ono, mosiyana ndi mayina amene onse m'Chijeremani amayamba ndi chilembo chachikulu. Kuntchito kwathu liwuli lili ngati mchere, sililephera paliponse. Ukamusambitsa munthu, kumupukuta, kumuveka masokosi, umati, "So, fertig." Wakukhitchini amasuzumira pakhomo n'kuti, "Das Essen ist fertig." Ukagogoda pachimbudzi umafunsa, "Sind Sie fertig?" Ana akamapikisana kuthamanga pabwalo amakuwa kuti, "Auf die Plätze, fertig, los!" Mnzako akagwira masiku asanu ndi awiri osapuma amadziponya pampando n'kuti, "Ich bin fix und fertig."

Tsopano zibwezeni zonsezi m'Chichewa. Tamaliza. Chakudya chapsa. Mwatha? Konzekani. Ndatheratu ine. Kumaliza, kupsa, kukonzeka ndi kutopa, mitolo inayi imene ife timaisenzetsa aneni osiyanasiyana, iwo anaisenzetsa kamfotokozi kamodzi. Pali timawu tothandiza ngati wolankhulayo wafuna kutiikapo. "Fertig mit" ndiye kuti wathana nacho chinthucho. "Fertig zum" kapena "fertig für" ndiye kuti wakonzekera chimene chikubwera. Koma anthu polankhula nthawi zambiri satiikapo. Amangoti "Ich bin fertig", zotsalazo uziwerenge wekha pankhope.

Matanthauzo onsewa ndinkawadziwa. Ali m'kope langa mpaka lero, ndinawalemba ndi cholembera chobiriwira, ndipo mayeso a Chijeremani otchedwa B2 ndinakhoza. Ndikunena zimenezi kuti wina asaganize kuti chinandigwetsa ndi kusadziwa chilankhulo. Chinachitika n'chakuti pantchito tanthauzo limodzi linayamba kufufutika m'makutu mwanga. Okalamba athu akati fertig, amakhala kuti amaliza kudya, amaliza kuchimbudzi, kapena atopa. Pang'onopang'ono, mosadziwa, mtima wanga unagamula kuti anthu amenewa chawatsalira n'kumaliza basi. Kukonzeka n'kwa anthu amene ali ndi kopita.

## F kapena v, g kapena ch

Kalembedwe kake kanandigwetsa kawiri. Koyamba ndinalemba "vertig". Chifukwa chake chinalipo: m'Chijeremani v amatchulidwa ngati f m'mawu ambirimbiri, Vater, viel, vergessen, verstehen, ndiye ndinkaona ngati liwu lililonse loyamba ndi kamvekedwe ka "fer" liyenera kukhala ndi v. Aphunzitsi anazunguliza v ujayo ndi cholembera chofiira. Kachiwiri ndinalemba "fertich", chifukwa ndi zimene makutu anga ankamva tsiku lonse.

Ife tinazolowera kulemba momwe timatchulira. Inde, Chichewa chili ndi zobisa zake, monga mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika amene papepala ndi amodzi, kukweza ndi kutsitsa mawu kokha n'kumene kumawasiyanitsa. Komabe chilembo chimene wachiona n'chimene umatchula. Kuno g wakumapetoyo amabisala. Aphunzitsi anationetsa njira imene ana a kuno amaphunzira kupulaimale: litalikitse liwulo, chilembo chobisalacho chidziulula chokha. Ukati "das fertige Essen", g akumveka bwinobwino, ndiye kuti ulembe g. Ukati "die freundliche Frau", mayi wansangala, ch sakusintha, ndiye kuti freundlich ulembe ndi ch. Kuyambira tsiku limenelo sindinalakwitsenso richtig, wichtig, ruhig ndi anzawo onse.

Pali kenanso kamene kanandikhudza kwambiri kuposa zilembo. M'nyumba za okalamba anthu amakonda kunena kuti "Ich mache sie fertig", kutanthauza kuti ndikukawasambitsa ndi kuwaveka. Kusukulu anatiletsa mawu amenewa. Chifukwa chake n'chakuti "jemanden fertigmachen" amatanthauzanso kumusautsa munthu mpaka kumuthetsa mphamvu, kumuphwanya mtima. Papepala pali kosiyanitsa: tanthauzo loipali amalilemba mophatikiza nthawi zonse, pomwe la kukonza chinthu ungalilembe mophatikiza kapena motalikitsa. Koma pakamwa palibe mpata wooneka pakati pa mawu. Nkhalamba imene yagona pabedi, ikumva anthu awiri pakhomo akugawana kuti ndani "akaimalize", singaone kalembedwe.

## Feletiki

Katchulidwe ndiye kanali nkhondo. Lilime la Chichewa silifuna kusiya phatikizo lopanda lembo la liwu kumapeto. N'chifukwa chake tili ndi sukulu, basi, buledi. Ndiye fertig yoyamba kutuluka m'kamwa mwanga inali "feletiki", maphatikizo anayi m'malo mwa awiri, r atasanduka l monga amachitira kwathu, kumene zilembo ziwirizi ndi mwana ndi mnzake wa bere limodzi.

Kuno kumpoto amalitchula motere. Mphamvu ili pa phatikizo loyamba. R wapakatiyo sagubuduzidwa palilime, amasungunuka n'kutsala pang'ono kumveka ngati a, kotero kuti chimene umamva chili pafupi ndi "fea". Kenaka "ti" wamfupi. Ndiye kumapetoko, pamene palembedwa g, pamatuluka kamphepo kofewa kaja ka mu liwu loti ich. Chenjerani, si ch wa chimanga kapena Chichewa, komanso si sh. Mmene ndinakapezera ine ndi umu: ika lilime ngati ukufuna kunena "yi", usalisunthe, kenaka ungotulutsa mpweya wopanda mawu pakati pa lilime ndi m'kamwa mwa m'mwamba. Ndinkayeserera m'sitima m'bandakucha popita kuntchito, nditabisa pakamwa mumpango.

Nditangokagwira kamphepoko, kunabwera mnzathu wina wochokera ku Bayern, kumwera, iye n'kumati "fertik", k womveka bwino. Ndinamufunsa ngati ine ndinaphunzira zolakwika. Anati ayi, kwawo, komanso ku Austria ndi ku Switzerland, ndi mmene ambiri amanenera, ndipo palibe amene amadabwa. Katchulidwe ka kamphepo kaja kanakhazikitsidwa ngati kovomerezeka mu 1898, pamene katswiri wa zilankhulo Theodor Siebs anatulutsa malamulo a mmene ochita zisudzo azitchulira Chijeremani pabwalo, ndipo owerenga nkhani pawailesi ambiri amatsata komweko. Koma akumwera sanasiye k wawo. Zinandipepuza mtima kumva kuti ngakhale eni chilankhulo sagwirizana pa kamchira ka liwu limeneli.

Mnzanga yemweyo ndi amene anandionetsa pafoni kanema wa Giovanni Trapattoni, Mtaliyana amene ankaphunzitsa timu ya Bayern Munich. Pa 10 Malichi 1998 anakalipira osewera ake pamaso pa atolankhani, ndipo pomaliza anati, "Ich habe fertig." Zoyenera ndi "Ich bin fertig", koma iye anatsata kamangidwe ka Chitaliyana. Ajeremani amawabwerezabe mawuwa mpaka lero. Ine nditaonera ndinamva chisoni chosakanikirana ndi ulemu. Ndinaona bambo wamkulu, mtima uli m'malere, akulimbana ndi chilankhulo cha eni, ndipo aliyense m'chipindamo anamva chimene ankatanthauza. Galamala inali yopotoka, uthenga unafika. Kwa ine zinadzachitika mosemphana.

## Usiku uja

Unali mwezi wa Januwale, usiku wanga wachitatu pa ntchito ya usiku. Wophunzira sasiyidwa yekha, pamakhala namwino wodziwa ntchito, koma nthawi imeneyo iye anali m'chipinda china kwa bambo amene ankabanika. Chipale chofewa chinali chitagwa kuyambira madzulo, panja pali mbee, m'khonde muli zii, kukungomveka firiji ya m'khitchini. Cha m'ma 3 koloko ndinayamba kuzungulira zipinda.

Chipinda cha agogo chinali cha kumapeto. Nditakankha chitseko pang'onopang'ono ndinapeza kanyale kakuyaka, bedi litayalidwa bwinobwino ngati sipanagone munthu. Iwo anali atakhala m'mphepete mwa bedilo, msana uli woongoka. Anali atavala madiresi awiri pamwamba pa chovala chogonera, juzi, kenaka chikhoti chawo chaubweya chobiriwira, mabatani atamanga mpaka m'khosi, limodzi litalowa pabowo la linzake. Kumutu mpango, atamangira pansi pa chibwano. Nsapato zoyendera panja, phazi limodzi lopanda sokosi. Kachikwama kawo atakafumbatira pamiyendo ndi manja onse awiri. Munthu amene m'mawa uliwonse ndinkamuthandiza kulowetsa mkono m'malaya anali atavala zonsezi yekha.

Anandiyang'ana n'kuti, "Ich bin fertig."

Ndikukumbuka kuti r wawo usiku umenewo anagubuduzika palilime, ngati wathu, zimene sankachita masana. Ndinazimva koma sindinaziganizire. Ndinayang'ana maso ofiira, milomo youma, wotchi yapakhoma, ndipo m'mutu mwanga mawuwo anamasulirika okha: ndatheratu ine. Ndinagwada, ndinawagwira bondo, ndinalankhula mofatsa monga anatiphunzitsira. "Ja, Sie sind müde. Kommen Sie ins Bett." Eya, mwatopa, bwerani mugone. Ndinayamba kumasula batani la m'khosi.

Anagwira dzanja langa. "Nein. Ich bin doch fertig."

Kamawu kaja "doch" n'kamene Mjeremani amaikapo akamakutsutsa, ngati ife tikamati "komatu". Komatu ndakonzeka. Ine ndinamva kuti komatu ndatopa zedi, ndiye ndinafulumira kuti ndiwapumitse msanga. Mabatani awiri anamasuka. Kachikwama kanali kakutchinga, ndinakagwira kuti ndikaike patebulo. Anakakamira. Ndinakoka pang'ono, osati mwamphamvu, koma ndinakoka.

Apo mpamene anandimenya padzanja, n'kukuwa mawu amene sindinawamvepo akutuluka m'kamwa mwa nkhalamba. "Mutti! Mutti!" Amayi, amayi. Anali mawu a kamwana. Kachikwama kanagwa pansi n'kutseguka. Munatuluka chipeso, kasupuni kamodzi ka kukhitchini kwathu, masokosi, chithunzi chakale, ndi timagawo titatu ta buledi tokulunga m'timapepala topukutira pakamwa, tina titauma gwa.

Buledi ameneyo ndinkamudziwa. Madzulo aliwonse pa Abendbrot, chakudya chamadzulo cha buledi, tchizi ndi tiyi, agogo ankadya kagawo kamodzi n'kuti "fertig", kenaka n'kukulunga kachiwiri mwakabisira. Tinkadandaula nazo, pakuti buledi amachita nguwi m'chikwama, ndipo m'kaundula tinalemba kuti amabisa chakudya.

Namwino uja anafika akuthamanga. Sanandikalipire, sanandifunse kalikonse. Anagwada, ndipo chinthu choyamba kutola chinali bulediyo. Anamukulunganso bwinobwino, kubwezeramo zonse, kutseka kachikwama, kukaika pamiyendo pa agogo, n'kuika manja awo pamwamba pake. Anamanganso mabatani awiri amene ine ndinamasula. Kenaka anakhala pambali pawo pabedipo, phewa ndi phewa, onse awiri akuyang'ana kuchitseko.

"Sie sind ja schon fertig," anatero. "Wo geht es denn hin?" Kani mwakonzeka kale. Ulendowu ngwakuti?

Agogo anapuma mozama, thupi likunjenjemerabe. "Mutti hat gesagt, wir müssen fertig sein, wenn der Wagen kommt." Amayi anena kuti ngolo ikamafika itipeze titakonzeka.

Ine ndinali chiimire pakhomo, dzanja likutentha, manyazi atandigwira. Anakhala choncho mwina theka la ola. Namwino anawafunsa za amayi awo, za mahatchi, ngati kunja kukuzizira. Sanawanamize kuti ngolo ikubwera, sanawauzenso kuti amayi awo anamwalira kalekale. Ananditumiza tiyi. Cha m'ma 4 koloko agogo anagona chammbali pamwamba pa zofunda, chikhoti ndi nsapato zili m'thupi, kachikwama kali pachifuwa. Tinangowafunditsa bulangete.

## Ngolo yake

Lamlungu lotsatira kunabwera mwana wawo wamkazi, mayi wachikulire naye. Ndinamufotokozera zonse, osabisa za kachikwama. Anakhala chete kanthawi, kenaka anandiuza za ngoloyo.

Agogo anabadwira ku Ostpreußen, dera limene linali la Germany kum'mawa kwenikweni, limene lero mbali yaikulu inagawidwa pakati pa Poland ndi Russia. Mu Januwale 1945, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili kumapeto, asilikali a Soviet Union analowa m'deralo. Akuluakulu a chipani cha Nazi anali ataletsa anthu kuthawa mpaka madzi atafika m'khosi, ndiye anthu ankangodikira, katundu atamanga mobisa. Agogo anali ndi zaka 7. Masiku angapo amayi awo ankawagoneka atavala zovala zonse, nsapato kuphazi, aliyense ndi kathumba kake ka buledi, kuti ngolo ya mahatchi ikangoima pakhomo asachedwe. Njira za pamtunda zitatsekeka, anthu miyandamiyanda anawoloka Frisches Haff, nyanja yosaya ya m'mphepete mwa nyanja yaikulu ya Baltic, akuyenda pamwamba pa madzi oundana. Ngolo zina zinamira pamene madziwo anasweka, ndege zikuwombera kuchokera m'mwamba. Banja lawo linawoloka, ndipo pambuyo pake linadzakhazikika kuno ku Niedersachsen, chigawo chimene muli Hannover, monga anachitira othawa ambiri ochokera kum'mawa.

Mayiyo ananena yekha, ine osamufunsa, kuti nkhondoyo inayambidwa ndi dziko lawo lomwe, ndipo zimene Ajeremani anachita kwa anthu a kum'mawa n'zoopsa zosaneneka. Ananena izi mosazemba. Koma amene anakhala pabedi usiku uja sanali dziko. Anali mwana wa zaka 7 amene anamvera amayi ake, anavala yekha, anasunga buledi wake, kenaka munthu wachilendo n'kubwera kudzamuvula ngolo ili pafupi kufika.

Usiku umenewo nditafika kunyumba ndinatsegula Duden, dikishonale yawo yaikulu ija, pafoni. Tanthauzo ndinalidumpha, ndinatsikira pansi pamene amafotokoza kumene liwu linachokera, malo amene ndinali ndisanawerengepo. Fertig anachokera ku Fahrt, ulendo wa pangolo, pagalimoto kapena pabwato, mbale wake wa mneni fahren. Tanthauzo lake loyambirira ndi kukonzekera ulendo. Enawo anadza pambuyo: amene wakonzekera ulendo ndiye kuti wamaliza zonse zofunika, ndipo amene wamaliziratu zonse mphamvu zamuthera. Tanthauzo limene ine ndinalitaya ngati losafunika m'nyumba ya okalamba ndilo tsinde, enawo ndi nthambi.

Ndinaonanso kuti m'Chijeremani cha zaka mazana angapo zapitazo ankalemba vertec, ndi v. Ndinamukumbukira v wanga wozungulizidwa ndi chofiira uja. Ndipo e wa mu fertig ndi a wa mu Fahrt yemwe, atasintha kamvekedwe chifukwa cha i wotsatirayo. Akanatha kulemba ä, monga amachitira pa mawu amene ubale wake ukuonekabe, koma ubale uwu unaiwalika kale. N'chimodzimodzi Eltern, makolo, amene anachokera ku alt, kukalamba: ndi "okulirapo" chabe. Pamene ankakonzanso malamulo a kalembedwe mu 1996 anabwezera ä m'mawu ena, monga Stengel amene anasanduka Stängel, koma Eltern ndi fertig anawasiya momwemo. Choncho ulendo uja ngwobisika m'kalembedwe. Ajeremani ambiri amene ndinawafunsa kuntchito sankadziwa. Mpaka anachita kupanga liwu lina, reisefertig, kukonzekera ulendo, limene ukaliyang'anitsitsa likunena ulendo kawiri.

## Zimene amayi ananena

Ndinaimbira amayi ku Bangwe. Ndinawafotokozera mwachidule, poganiza kuti nkhani ya mfotokozi wa Chijeremani siingawakhudze. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndiye iwe sunawafunse?"

"Ayi amayi, ndimaona ngati ndamva."

"Mwana wanga, safunsa anadya phula. Munthu wamkulu ukamupeza atamanga katundu sumumasulira. Umayamba wafunsa kuti agogo, ulendowu ngwakuti. Nanga bulediyo sunaone kuti ndi kamba?"

Kamba. Miyezi yonse ija ndinkaona buledi wokulungidwa, ndinalemba nawo m'kaundula kuti amabisa chakudya, ndipo liwu limeneli, limene ndakula nalo, silinandifikire m'mutu ngakhale kamodzi. Amayi anga omwewa sanandilolepo kukwera basi ya ku Lilongwe popanda mbatata yootcha kapena zitumbuwa m'kapepala. Tsiku limene ndinkanyamuka pa Chileka anandipanikizira mtedza wokazinga m'chikwama cha m'manja. Ndikanakhala kuti ndinawaona agogo aja ndi maso a kwathu, ndikanadziwa pa sabata yoyamba kuti munthuyu ali paulendo.

Titamaliza kulankhula ndinakhala ndikuganiza za mneni wathu kutha. Timati ntchito yatha, ufa watha, ndatha ine. Koma timatinso mtsikanayu amatha kusoka, mnyamata uja mpira amautha. Kumaliza ndi luso zili m'liwu limodzi. Chijeremani chinachitanso zomwezo: kuchokera ku fertig anapanga Fertigkeit, luso la manja, ndi schlagfertig, munthu amene yankho limakhala lili pamlomo. Ndiye sindinganene kuti zoterezi n'zachilendo kwa ine. M'Chichewa sindinasokonezepo "watha" wa ufa ndi "amatha" wa luso, chifukwa ndimamvetsera munthu yense, osati liwu lokha. M'Chijeremani ndinkamvetsera ndi mantha, kuthamangira kugwira tanthauzo limodzi kuti ndisaoneke wosamva, ndipo ndikaligwira ndinkasiya kumvetsera.

## Mmene zilili tsopano

Pamsonkhano wopatsirana ntchito ndinapempha kuti tisinthe zimene tinalemba zija. Anavomera. Tsopano madzulo aliwonse timawapatsa kagawo ka buledi kowonjezera ndi kapepala koyera, poyera, osati mwakabisira. M'mawa posamba timatsegula kachikwama limodzi, iwo eni n'kutulutsa wadzulo. Chikhoti sitichitsekeranso m'kabati, chimakhala pachitseko pamene angachione ali pabedi. Sikuti usiku wa ngolo unatha. Umabwerabe, makamaka kukazizira.

Kwa ine chinasintha ndi kafunso kamodzi. Wina akati "Ich bin fertig", kaya ndi wokalamba kaya mnzanga wa ntchito, ndimafunsa kuti "Womit?" kapena "Wofür?", mwamaliza chiyani, kapena mwakonzekera chiyani. Mayankho ake amandidabwitsa. Bambo wina amene ndinkaganiza kuti akunena za msuzi wa m'mbale ankanena za mankhwala, kuti atopa nawo ndipo akufuna kulankhula ndi dokotala. Mayi wina ankanena kuti wamaliza kuluka kachipewa ka chidzukulu, ndipo ankafuna kuti wina akaone.

Mwezi watha ndinalinso pa ntchito ya usiku. Nditafika kuchipinda cha kumapeto ndinawapeza atakhala pomwe paja, chikhoti, mpango, kachikwama pamiyendo.

"Ich bin fertig."

"Das sehe ich," ndinatero, ndikuona. "Haben Sie alles?" Mwatenga zonse?

Anatsegula kachikwama n'kundionetsa chimodzichimodzi: chipeso, kasupuni, chithunzi, buledi. Anakatseka. Kenaka anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ine ndili m'yunifolomu ya manja aafupi, nkhope yawo n'kuchita makwinya a nkhawa.

"Marjellchen, hast du denn keinen Mantel?"

Marjell ndi liwu la kwawo ku Ostpreußen, limatanthauza mtsikana, ndipo kuno ku Hannover sulimva mumsewu. Kamtsikana iwe, ulibe chikhoti kodi?

Ndinawauza kuti andidikire pang'ono. Ndinathamangira kuchipinda chathu chosinthira, ndinatenga jekete langa, ndinalivala pamwamba pa yunifolomu n'kukoka zipi mpaka m'khosi. Pobwerera ndinapeza atasendera kumutu kwa bedi, atandisiyira malo.